Agogo akunditchula kuti "maid", ndikadandaule kapena ndi mayankhulidwe akuno?

NaMoyo, Penzance
Abale, ndigawireniko nzeru ndisanachite zinthu mwaphuma. Ndangoyamba kumene ntchito panyumba ina yosamalira okalamba kuno ku Cornwall, ku England, chakufupi ndi Newlyn. Pali agogo ena aamuna, zaka zawo zapitirira 85, ndipo akalambira panyanja akupha nsomba. Ndikangolowa m'chipinda mwawo, "alright, maid?" Ndikawapatsa tiyi, "ta, maid." Kuyambira m'mawa mpaka kuweruka ndi maid yekhayekha. Munthu wakuda pa shifiti yathu ndine ndekha, ndiye zikundikhala pamtima. Dzulo agogo enanso aakazi anditchula kuti "my lover" ana awo ali pomwepo. Ndikadandaule kwa manijala kapena ndingokhala chete?

Bambo a Tadala, Hull
Achemwali, ku ofesi musathamangire. Mawa mukatchere kaye khutu: atsikana achizungu amene mukugwira nawo ntchito, agogowo amawaitana bwanji? Yankho lanu lili pamenepo.

Mai a Yamikani, Plymouth
Kkkkk NaMoyo mwana wanga, takulandira kuno kumadzulo. Khazika mtima pansi. Ku Devon ndi ku Cornwall akuluakulu akati "maid" akutanthauza mtsikana, basi. Bambo amaitana choncho mwana wake womubereka yekha, agogo amaitana choncho mdzukulu wawo ngakhale mdzukuluyo akhale ndi ana akeake. Za wantchito wam'nyumba sizili m'mutu mwawo. Ukanakhala mwamuna akanati "my handsome" kapena "boy", ngakhale uli ndi imvi. "My lover" nayenso alibe nkhani ya chibwenzi. Mayi wogulitsa buledi amanena zomwezo kwa aliyense wolowa m'sitolo, dalaivala wa basi chimodzimodzi.

Ena oti uwadziwiretu ndi awa. Akati "you look wisht" akuti ukuoneka wofooka ngati wodwala. Akati uje lero ali "teasy", ndiye kuti sakuchedwa kupsa mtima, umuyendere patali. "Croust" kapena "crib" ndi kachakudya kogwiritsa m'mimba pakati pa ntchito. Ndiye pali "dreckly". Ukawauza kuti agogo tiyeni mukasambe, iwo n'kuyankha kuti dreckly, akuti ndisamba ndithu, koma usandifunse kuti liti.

A Gondwe, Leicester
Ine ndisiyana nanu pang'ono, amayi. Tisazolowere kupezera chifukwa chilichonse chimene mzungu wanena. Tsankho m'nyumba zimenezi lilipo ndipo tonse talionapo. Ena amakana ngakhale kuti munthu wakuda awasambitse. Mawu amodzi omwewo munthu akhoza kuwanena mwachikondi kwa mwana wake, n'kuwanena mwachipongwe kwa mlendo. Mchemwaliyu ngati sakusangalala nawo, ali ndi ufulu wonena kuti ine ndili ndi dzina.

Mai a Yamikani, Plymouth
Ufuluwo ali nawo, a Gondwe, sindikukana. Koma dandaulo la tsankho likalembedwa limakalowa m'faelo ya agogowo, ana awo amaitanidwa, munthu wokalamba n'kuyamba kuonedwa ndi diso lina, pamene mwina iwo angomutenga mwanayu ngati mdzukulu. Inu muli pakati pa dziko komwe amati "me duck". Munakadandaulapo kuti akukutchani bakha?

A Gondwe, Leicester
Kkkk bakhayo ndinamuzolowera. Koma bakha alibe mbiri imene maid ali nayo kwa ife. Amayi athu ndi agogo athu ambiri analera ana a azungu ku Blantyre, ku Halale ndi ku Joni akuitanidwa choncho. Khutu lathu silingamve mawuwo ngati mmene amamvera mtsikana wa ku Cornwall.

Bambo a Tadala, Hull
Pamenepo mwanena zoona achimwene. Koma ine chimandidetsa nkhawa kwambiri si mawu oitanirana ayi, ndi mawu a m'thupi, chifukwa amenewo akhoza kuvulaza munthu. Panyumba ina imene ndinagwirako, mnzathu wina wobwera ngati ife analemba mu lipoti la usiku kuti agogo akudandaula kuti akuwamana chakudya. Nkhani inakula, mpaka anesi anayamba kufufuza mabuku a kukhitchini. Chimene agogowo ananena ndi chakuti "I'm starved". Kuno ku Yorkshire, ndi ku Lancashire komwe, wokalamba akatero nthawi zambiri akunena kuti wazizidwa. Amafuna bulangete, osati sangweji. Usiku wonse anagona akunjenjemera mbale ili pambali.

Ku Hull kuzizidwa amatinso "nithered", kutenthedwa ndi "mafting". Akati "she's badly" sakunena kuti wachita zoipa, akuti akudwala. Ana ndi "bains". Mvula ikamakhuthuka amati "it's siling down". Zonsezi m'mayeso a Chingerezi aja a IELTS munalibe.

Koma chimene chinandiphunzitsa kwambiri ndi agogo ena aakazi amene akudwala matenda oiwala aja. Anakulira ku Hessle Road, dera la asodzi. Masiku ena m'mawa tikamatenga zovala zawo kukachapa amalimbana nafe mpaka kulira, akukuwa kuti "you'll wash him away". Antchito ena amangolemba kuti agogo lero avuta. Mwana wawo ndi amene anatimasulira. Kwa akazi a ku Hessle Road kuchapa tsiku limene mwamuna akunyamuka ulendo wa panyanja kunali kumuitanira imfa, ati madzi amutenga. Samabayibitsanso, samapita kudoko kukaperekeza, ndipo chovala chobiriwira sichimaloledwa. Amuna a agogowa anamwalira kalekale, koma m'mutu mwawo muli masiku amene sitima ikunyamuka m'mawa womwewo. Pano tikawamva akuyamba za sitima, zovala timazisiya mpaka mawa lake. Mtendere.

NaPhiri, Lowestoft
Eee, zomvetsa chisoni. Ndiye azungu nawonso ali ndi zikhulupiriro chonchi?

Bambo a Tadala, Hull
Zambiri, ndipo ukadziwa chimene anakumana nacho suwaseka. Sitima za ku Hull zimapita kutali, ku Iceland, ku Norway, mpaka kunyanja zozizira za kumpoto kwa Russia. Ulendo umodzi milungu itatu, kunyumba masiku atatu, n'kubwereranso. N'chifukwa chake amawatcha "three-day millionaires", ndalama ya milungu itatu imathera m'masiku atatuwo. Mnyamata amayamba ali ndi zaka 15. Mu Januwale ndi Febuluwale 1968, pasanathe n'komwe mwezi, sitima zitatu zinamira: St Romanus, Kingston Peridot ndi Ross Cleveland. Amuna 58 anafa, wopulumuka anali mmodzi yekha. Apa ndi pamene mayi wina wosenda nsomba, Lillian Bilocca, anatsogolera akazi anzake, n'kusonkhanitsa masiginecha 10,000, mpaka kukakumana ndi nduna ku London kuti sitima iliyonse izikhala ndi munthu wa wailesi ndi chitetezo chokwanira. Mu 1974 inamiranso Gaul ndi anthu 36. Agogo amene tikuwasambitsa lerowa nthawi imeneyo anali atsikana a zaka za m'ma 20 ndi 30, akudikira pawindo. Mkazi wotere ungamuuze kuti kuchapa kulibe vuto?

Anti Nachisale, Grimsby
Bambo a Tadala, moni kutsidya kwa mtsinjeko. Inu a ku Hull ndi ife a ku Grimsby tasiyana ndi Humber yekha, koma mawu ndi osiyana ndipo okalamba amakwiya ukawasakaniza. Amuna otsitsa nsomba m'sitima usiku kwanuko ndi "bobbers", kuno ndi "lumpers". Ndili ndi agogo ena anali lumper, ndipo mpaka lero amadzuka pakati pa usiku kufuna nsapato zawo, chifukwa ntchito imayamba nthawi imeneyo kuti m'mawa msika upeze nsomba zili pansi. Dokotala ankafuna kuwawonjezera mankhwala ogonetsa. Mdzukulu wawo atafotokoza za ntchitoyo, tinangoyamba kuwapatsa tiyi n'kuwauza kuti sitima lero sinafike. Amabwerera pabedi okha.

Ine ndimaona kuti mawuwa akutha chifukwa ntchito yake inatha. M'ma 1950 Grimsby imatchedwa doko la nsomba lalikulu kuposa onse padziko. Kenako inabwera mikangano ndi Iceland, ija amati Cod Wars, yoyamba mu 1958, yomaliza inatha mu 1976 pamene Britain inavomera kuti Iceland itseke nyanja yake mamailosi 200 kuchokera kugombe. Sitima zikuluzikulu zinasowa kopita. Lero nsomba imene mafakitale a kuno akukonza, yochuluka imachokera ku Iceland ndi ku Norway komweko. Mwana wa zaka 20 wa ku Grimsby ukamufunsa kuti "deckie learner" ndi ndani sangakuyankhe, pamene agogo ake anayambira pamenepo, mnyamata wophunzira ntchito pasitima. Mtsikana wina wachizungu wa pa shifiti yanga, wobadwira konkuno, amafunsa ine kuti agogowa akuti chiyani. Ine wa ku Dedza!

Amene muli pafupi, pitani ku Grimsby Fishing Heritage Centre tsiku lopuma. Kuli sitima yeniyeni, Ross Tiger, amakulowetsani mkati. Ukaona pamene amagona ndi pamene amatumbulira nsomba, nkhani za agogo zimayamba kumveka.

A Mbewe, Zomba
Pepani ndilowerere ngakhale ndili kumudzi kuno, mkazi wanga ndi amene ali kumeneko. Ine ndimaphunzitsa Chingerezi ku sekondale. Zimene mukunenazi zikundidabwitsa. Ana athu timawachotsera malikisi akalakwitsa galamala, ndiye eni chiyankhulo akuyankhula zothyokathyoka chonchi? Kodi si kusaphunzira chabe kumeneku? Asodzi kulikonse sukulu amasiyira panjira.

NaPhiri, Lowestoft
Aphunzitsi, mukanabwera kuno cholembera chanu chofiira chikanatha inki tsiku limodzi. Ku Norfolk ndi ku Suffolk okalamba amati "he go", "she like it", opanda s uja mumakwapulira ana. Mvula ikamagwa amati "that rain" kapena "that's raining", osati "it". Koma si kulakwitsa, chifukwa onse amatero mofanana ndipo sasokoneza. Ndi lamulo lawo. Ngakhale amene anapita patali ndi sukulu akakhala pakati pa anzawo amabwerera komweko.

Nsanza yokolopera ndi "dwile". Chinthu chikapendekeka chili "on the huh". Agogo ena amandiuza choncho tsiku lililonse za chithunzi cha pakhoma, kufuna ndichiwongole. Zopanda pake ndi "squit". Kucheza ndi "mardle". Mwamuna mnzawo amamuti "bor", mkazi kapena mtsikana ndi "mawther", ndipo ameneyo NaMoyo usamumve ngati akukutcha mayi wawo.

Zakusaphunzira zija, tamvani izi. Tili ndi agogo aamuna amene dzina la mwana wawo analiiwala, koma tikamasewera nawo ndi mabatani amawerenga anayianayi, n'kumati "warp". Ndinafunsa kunyumba yosungira zakale ya kuno. Nsomba ija amati herring imawerengedwa ndi manja, ziwiri dzanja ili, ziwiri dzanja linalo, zinayizo ndiye warp imodzi. Ma warp 33 ndi "long hundred", imene ndi nsomba 132, osati 100. Ma long hundred 100 ndi "last" imodzi, nsomba 13,200. Kenako anadzayamba kuyeza ndi madengu, muyeso wake "cran", magaloni 37 ndi theka. Munthu wochita masamu amenewo pamtima, kukuzizira, ogula akukuwa, ndi wosaphunzira?

A Mbewe, Zomba
Kkkk mwandigwira achemwali. Zana la 132 limenelo ndikawafunsa a Fomu 4 mawa.

NaPhiri, Lowestoft
Chaka chimene amachitchulabe kuno ndi 1913, pamene Lowestoft ndi Great Yarmouth zinadzaza ndi maboti a herring, ambiri ochokera ku Scotland. Atsikana a ku Scotland amatsatira mabotiwo kutsika ndi gombe lonse, kugwira ntchito atatuatatu, awiri kutumbula, mmodzi kulongedza m'migolo ndi mchere, zala atazikulunga nsanza. Ena anakwatiwa konkuno. Pofika m'ma 1960 nsombayo inali itachepa kwambiri, ndipo mu 1977 kupha herring ku North Sea kunaletsedwa kwa zaka zingapo. Agogo athuwa ndi otsiriza amene anaona mabotiwo ndi maso.

A Kumwenda, Leeds
Aphunzitsi, ndiwonjezereko. Chingerezi chimene timaphunzitsa kusukulu chinachokera ku mayankhulidwe a chigawo cha London ndi madera oyandikira, amene anapeza mwayi chifukwa boma, makhoti ndi osindikiza mabuku anali kumeneko. Mayankhulidwe enawa sanathyoke kuchokera ku chimenecho, anakula pambali pake, ndipo ena anasunga zakale zimene cha m'mabuku chinataya. "Starve" kalekale amatanthauza kufa, kaya ndi njala kaya ndi chisanu. A kumpoto anasunga mbali ya chisanuyo. "Bairn", kutanthauza mwana, amene ku Hull amati bain, ali m'Chingerezi chakale, ndipo ku Norway, Sweden ndi Denmark mwana mpaka lero ndi "barn".

Yunivesite ya kuno ku Leeds inachita kafukufuku wamkulu wotchedwa Survey of English Dialects, motsogozedwa ndi Harold Orton. Kuyambira 1950 mpaka 1961 anayenda m'malo 313, kufunsa okalamba mafunso oposa 1,300, ambiri mwa iwo amuna a kumidzi. Mawu awo ena anajambulidwa ndipo akusungidwa ku British Library. Koma mafunsowo anatsamira kwambiri ku ulimi ndi moyo wa pakhomo: ng'ombe, makasu, ngolo. Za maukonde ndi mafunde sizinali pakati pa nkhani. Ndiye zimene mukumva m'zipindamo musazione mopepuka.

A Chirwa, Amble
Moni nonse, ndangoweruka. Kuno ku Northumberland mawu oyamba oti wantchito aliyense awadziwe ndi "netty", chimbudzi. Agogo akati "Aa need the netty, hinny" usayambe kufunsa kuti pardon, thamanga ndi njinga yawo. "Hinny" ndi "pet" ndi mawu achikondi ngati maid wa NaMoyo uja, amuna ndi akazi omwe. "Gan hyem" ndi kupita kunyumba, ndipo madzulo aliwonse odwala matenda oiwala amayamba nyimbo imeneyo. "Oxter" ndi m'khwapa, "lug" ndi khutu, "spelk" ndi kachitsotso kolasa pachala. Okalamba enieni a m'midzi ya kugombe r wawo amachokera kukhosi ngati Afalansa, moti poyamba ndinkayesa ali ndi chifuwa. Nkhungu yochokera kunyanja kuno ndi "sea fret", mukangowoloka kulowa Scotland ndi "haar".

Koma nkhani yaikulu ndi nkhumba. Tsiku lina tikuwerengera agogo ena nyuzi, mnzanga anatchula dzina la nyamayo m'Chingerezi. Agogo anatambasula dzanja n'kugwira chitsulo cha bedi, nkhope itasintha. Asodzi a gombe lino dzina limenelo satchula, makamaka m'boti kapena popita kunyanja, ndipo wina akalitchula umagwira chitsulo kuti tsoka lipite. Ku Holy Island, chilumba cha gombe lomweli, amangoti "the article", kwina "grunter" kapena "curly tail". Nyama yake amadya bwinobwino, bekoni m'mawa uliwonse, dzina lokhalo ndiye ayi. Kuimba likhweru m'boti nakonso n'koletsedwa, ati ukuitana mphepo.

Ine ndinakulira ku Nkhotakota, bambo anga anali ndi chilimira, ndiye sindinadabwe. Kwathu kunyanja kuli zoletsa zake, ndipo mphepo ili ndi mayina, mwera ndi wina, mpoto ndi wina. Mwana wa mlongo wanga wobadwira ku Area 25 amangoti kukuwomba mphepo. Ndi Chichewa ndithu, koma sangapite nacho pamadzi. N'chimodzimodzi ana a kuno.

Boti lawo lakale ndi "coble", lopangidwa kuti lizinyamukira pamchenga popanda doko. Juzi yolukidwa yothina ija ndi "gansey". Ndipo ntchito yolemetsa inali ya akazi: kusenda nkhono za m'nyanja usiku, amati "skaning", ndi kukoleka nyambo pa mbedza mazanamazana mwamuna asanadzuke. Agogo ena aakazi zala zawo zimangochita ntchito imeneyo pa bulangete tsiku lonse. Ana awo ndi amene anandiuza kuti akusenda nyambo.

NaJere, Peterhead
Nonsenu muli pabwino, mukumvako mawu amodzi mwa atatu. Bwerani kuno kumpoto chakum'mawa kwa Scotland mudzalire. Koma chenjezo: musadzawauze kuti akuyankhula Chingerezi cha kudera. Adzakuuzani kuti ichi ndi Doric, nthambi ya chiyankhulo cha Scots, ndipo amanyadira. Pamene Chingerezi chili ndi wh iwo amaika f. "Fit like?" ndi muli bwanji. "Far's it sair?" ndi pakupweteka ndi pati, ndipo funso limeneli ndinaliloweza chifukwa ndikafunsa m'Chingerezi cha kusukulu agogo ena amangondiyang'ana. Mtsikana ndi "quine", mnyamata ndi "loon". Inde achimwene, akakutchani loon sakuti ndinu wamisala.

Zoletsa kuno n'zochuluka kuposa za a Chirwa. Kuwonjezera pa nkhumba, nsomba ija salmon amangoti nsomba yofiira, kalulu satchulidwa, ndipo kukumana ndi abusa popita kuboti linali tsoka, pamene anthu ake ndi opemphera kwambiri. Kusiyana kwake ndi kwa anti ku Grimsby n'kwakuti kuno doko likugwirabe ntchito, Peterhead ndi limodzi mwa madoko a nsomba aakulu ku Europe, ndiye ana akuyankhulabe Doric. Koma kumene usodzi unatha, zinapita. Ku Cromarty asodzi anali ndi mayankhulidwe awoawo, osiyana ndi a anthu ena a m'tauni yomweyo. Womaliza kuwayankhula, Bobby Hogg, anamwalira mu 2012 ali ndi zaka 92.

NaMoyo, Penzance
Zikomo nonse, ndawerenga zonse pa buleki. Bambo a Tadala, ndinatchera khutu monga munanenera. Onse ndi maid: mtsikana wa kukhitchini, nesi wamkulu wa zaka za m'ma 50, ngakhale mwana wawo atabwera masana. Ndiye ku ofesi sindipita. Koma a Gondwe, mawu anu sindinawataye. Ndinawauza agogowo dzina langa kawiri, n'kuwafotokozera kuti kwathu mawu aja ali ndi tanthauzo lina. Anachita manyazi, anapepesa, anayesa kulitchula dzinalo. Patatha ola limodzi, "cheers, maid." Kkkk.

Popeza tinayamba kucheza, ndinawafunsa za keke ina imene amaphika kuno, yotchedwa hevva. Akuti kale pamakhala munthu pamwamba pa phiri la m'mbali mwa nyanja, "huer", wodikira nsomba za pilchard. Akaona madzi asintha mtundu amakuwa kuti "Hevva! Hevva!" mudzi wonse n'kuthamangira kumaboti, akazi n'kuyamba kukanda keke yoti amuna adzapeze yapsa. Mizere yodutsana pamwamba pake ndi chithunzi cha ukonde. Iwo sanazione, anamva kwa agogo awo, chifukwa nsombazo zinasiya kubwera mwaunyinji iwo asanabadwe. Kanyumba ka huer kakadalipo ku Newquay. Anandiwongolanso katchulidwe: mudzi ulembedwa Mousehole koma amati "Mauzo". Atafika pamenepo anayamba za boti lopulumutsa anthu la Penlee, Solomon Browne, limene linamira pa 19 Disembala 1981 ndi amuna 8 a m'mudzi umenewo likukapulumutsa anthu a m'sitima ya Union Star. Onse pamodzi anafa 16. Akuti chaka chilichonse tsiku limenelo magetsi a Khirisimasi a ku Mousehole amazimitsidwa ola limodzi. Mnzanga wa shifiti akuti tsikulo agogowa safuna phokoso, ndazilemba kuti ndisadzaiwale.

A Gondwe, Leicester
Mwachita bwino kuwauza, achemwali. Ine mfundo yanga ikadali pomwepo: kuphunzira kuzikhala kwa mbali zonse. Ife tinalipira ndalama zambiri kulemba mayeso a Chingerezi, tafika kuno tikuuzidwa kuti tiphunzirenso china, ndipo palibe kampani imene imakupatsa ngakhale tsiku limodzi la maphunziro a zimenezi. Amakuphunzitsa kunyamula munthu ndi kuzimitsa moto, koma chiyankhulo cha munthu amene ukumunyamulayo ayi. Ukalakwitsa, mlandu ndi wako, ati sumva Chingerezi. Pamene iwo katchulidwe kathu sayesa n'komwe kukazolowera.

Anti Nachisale, Grimsby
A Gondwe, za makampani ndikugwirizana nanu kotheratu. Za agogo ayi. Munthu wa zaka 90 amene ubongo wake ukufufutika, chimene chimatsala ndi chiyankhulo cha paubwana. Chingerezi chaulemu chimene ankayankhula kubanki ndi kwa dokotala chimayamba kuchoka, n'kutsala cha pakhomo pa amayi ake. Sangasinthe, ndife tingasinthe. Tsiku lina ifenso tikadzakalambira kuno tidzayamba kuitana ana a eni dziko m'Chichewa, ndipo adzalemba kuti agogo asokonezeka.

Kwathu tinapachika pepala m'chipinda chopumira antchito. Aliyense akamva mawu achilendo amalemba, n'kufunsa abale a agogowo kapena amayi okolopa, chifukwa amenewo ndi obadwira konkuno ndipo amadziwa zonse. Mu lipoti ndimalemba mawu enieni amene agogo anena, kenako tanthauzo limene ndapatsidwa ndi amene wandiuza. Osalemba zimene ukuganiza kuti wamva.

Mai a Yamikani, Plymouth
Nzeru imeneyo nditengera, anti. Ndipo ana inu musamaope kufunsa agogo eni ake. Ambiri amasangalala, chifukwa adzukulu awo amawaseka akayankhula choncho, ena anakwapulidwa nazo kusukulu ali ana.

Bambo a Tadala, Hull
Pa pepala lanulo muwonjezere awiri awa, chifukwa amakhudza mankhwala. Kumpoto kuno "dinner" ndi chakudya cha masana, chamadzulo ndi "tea". Mwana wa agogo akakuuzani kuti amayi amamwa piritsi lawo pa dinner, akunena 12 koloko, osati 6 madzulo. Amene mumayenda m'makomo, musadalire pakamwa, onani pa fomu ya mankhwala nthawi yolembedwa m'manambala. Winayo ndi "while". Ku Yorkshire amatanthauza mpaka. Akati "don't get her up while ten", akuti musawadzutse mpaka 10 koloko.

A Chirwa, Amble
Za dinner ndi konkuno komwe. Ndipo "canny" asakusokonezeni, amasintha ngati bilimankhwe. "She's canny" ndi munthu wabwino, "canny bad" ndi kudwala ndithu, "gan canny" ndi yendani bwino, samalani. Ukafunsa agogo kuti mwadzuka bwanji n'kuyankha kuti "canny", ali bwino. Akati "nobbut middling" kapena "not ower grand", itanani nesi, chifukwa msodzi wakale sanena kuti ndikumva kupweteka.

NaJere, Peterhead
Zoona zimenezo. Kuno akati "nae affa weel", kungoti sindili bwino kwenikweni, ndimakatenga makina a BP nthawi yomweyo.

NaPhiri, Lowestoft
Anti Nachisale, tajambulani pepala lanulo mutiponyere pano. Ine ndiyamba langa Lolemba, ndili kale ndi dwile, squit ndi "dodman", imene ndi nkhono ya kumunda. A Kumwenda, mawu ojambulidwa aja munthu angawamvere pa foni kapena mpaka kupita ku London?

A Kumwenda, Leeds
Ena anaikidwa pa intaneti, ndifufuza amene akutseguka ndikaweruka usiku uno. Mundiuze dera limene aliyense akufuna, chifukwa anawasanja potsata maboma. Achemwali a ku Lowestoft, inu ndi Suffolk, koma mumverenso a Norfolk, malire ali pafupi ndipo agogo anu ambiri ayenera kuti anachokera mbali imeneyo.

Anti Nachisale, Grimsby
Pepala ndijambula mawa, lero ndili kunyumba. Ine mundipezere Lincolnshire.